Hamala idikire kaye, m'wailesi zakale muli malonda

Pa sikelo ya ogula zitsulo zakutha, kaya ndi ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Chibavi, mtengo wa katundu ndi kulemera kwake basi. Mnyamata akabwera ndi chiwailesi chathabwa chomwe wachipeza m'nyumba ya malemu agogo ake, ntchito imakhala yachidule. Kumenya kawiri katatu ndi hamala, thabwa lapita ku nkhuni, waya wa kopa wakwera sikelo, ndipo timabotolo tagalasi tomwe tidali m'katimo taphwanyikira pansi ngati mababu opsa.

Timabotolo timeneto ndi mavalavu. Kumaiko ena kuli anthu ambiri amene akaweruka kuntchito amakhala pa tebulo ndi chowotcherera mawaya m'manja, kumanga okha ampulifaya yoyendera mavalavu. Sachita izi kuti agulitse, koma chifukwa chokonda ntchitoyo. Anthuwa amasakasaka zinthu zomwezo zimene hamala imaphwanya kuno, ndipo zina amazigula pa mtengo woposa kutalitali wa kopa yense wa m'wailesimo.

Wamalonda sayenera kuseka chizolowezi chimenechi ngati masewera a anthu okhuta, komanso sayenera kuchithamangira ngati geni yolemeretsa msanga. Phindu lake lili pa kudziwa. Wogula zakutha amene amazindikira chomwe chili m'manja mwake sagulitsa motaya, ndipo mmisiri amene wamangapo ampulifaya yotere ndi manja ake amakhala ndi luso limene anzake ambiri pamsika alibe.

Valavu n'chiyani

Valavu ndi kabotolo kagalasi kochotsedwa mpweya, kamene m'kati mwake muli tizitsulo ndi kawaya kotenthetsa. Kawayako kakafiira, magetsi amayamba kudumpha kuchoka pa kachitsulo kena kupita pa kanzake, ndipo pakati pake pali kasefa kamene kamawachulukitsa kapena kuwachepetsa. Mawu ochepa ochokera ku gitala kapena ku maikolofoni akafika pa kasefako, amatuluka atakula. Ndiyo ntchito yonse ya ampulifaya.

Valavu yoyamba adaipanga ndi John Ambrose Fleming ku England mu 1904, ndipo Lee de Forest wa ku America adaonjezamo kasefa kaja mu 1906. Kwa zaka pafupifupi 50 mawailesi ambiri, zokuzira mawu ndi makina a kanema zinkadalira mavalavu. Thiranzisita idatulukiridwa mu 1947 ku Bell Labs ku America, ndipo pofika m'ma 1960 idayamba kulanda malo chifukwa ndi yaing'ono, siitentha kwambiri ndipo imayendera mabatire a tochi.

Kuno nako mavalavu adafika. Mu 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Britain idatulutsa wailesi yotchipa yotchedwa Saucepan Special, yobiriwira ngati mtambo, yooneka ngati sefuliya, yokhala ndi mavalavu anayi. Inkagulidwa mapaundi 5, batire lake padera, ndipo cholinga chidali choti anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, imene inkaulutsanso m'Chinyanja. Kuonjezera apo, matchona ndi ena obwerera kuchokera ku Joni, ku Bulawayo ndi ku Salisbury ankabwera ndi mawailesi ndi magalamafoni. Mamishoni, masukulu ndi mabandi nawo adali ndi zokuzira mawu zawo. Katundu ameneyu sadathe yense. Wina akadali m'madenga, m'zipinda zosungiramo katundu za matchalitchi ndi kuseri kwa mabenchi a okonza mawailesi.

Chimene omanga amafuna

Ampulifaya yosavuta imene ambiri amayambira imakhala ndi mavalavu awiri. Yaing'ono yotchedwa ECC83, imene Amereka amaitcha 12AX7, imalandira mawu n'kuwakuza pang'ono. Yachiwiri, EL84, ndiyo imakankha sipika. Pamafunikanso mathiransifoma awiri: ina yosintha magetsi a m'nyumba kuti apereke ma volt 6.3 otenthetsera mavalavu ndi ma volt 250 kapena 300 oyendetsera, inayo yolumikiza valavu ndi sipika. Zotsalazo ndi marezisita, makapasita, zokhazikapo mavalavu ndi bokosi lachitsulo.

Mapulani ake si achinsinsi. Mu 1947 magazini ya Wireless World ya ku Britain idasindikiza pulani ya D. T. N. Williamson, ndipo mu 1954 kampani ya Mullard idatulutsa ina yotchedwa 5-10, kutanthauza mavalavu asanu ndi ma watt 10. Anthu akumangabe mapulani amenewa mpaka lero.

N'chifukwa chiyani munthu angavutike ndi zinthu za makedzana pomwe zamakono zili mbwee? Oimba gitala ndiwo amayankha bwino. Ampulifaya ya mavalavu ikakankhidwa mpaka pamapeto, mawu ake amalemera ndi kukhakhala pang'onopang'ono, mokomera khutu, pomwe ya mathiranzisita ikafika pamalire imang'aluka. Kunena zoona, ikayezedwa ndi makina, ampulifaya yabwino yamakono imatulutsa mawu oyera kuposa ya mavalavu. Koma kasitomala sagula zotsatira za makina, amagula chimene khutu lake lakonda, ndipo makampani monga Fender, Marshall ndi Vox akugulitsabe ma ampulifaya a mavalavu kwa oimba.

Chimene chimakweza mtengo n'chakuti opanga mavalavu atsala ochepa padziko lonse. Odziwika ndi JJ Electronic ku Slovakia, fakitale ya mumzinda wa Saratov ku Russia ndi makampani angapo a ku China. Mu Marichi 2022, nkhondo ya ku Ukraine itangoyamba, dziko la Russia lidaletsa kutumiza kunja katundu wosiyanasiyana, ndipo mantha oti mavalavu asowa adachititsa kuti ogula awakokere n'kukweza mitengo. Wamalonda aliyense akuidziwa nkhani yotere, chifukwa ndi momwe zimakhalira ndi shuga kapena mafuta ophikira mphekesera ya kusowa ikangomveka.

Si geni ya pamsika

Wina atamva izi angaganize zoika mpamba wake wonse pa kumanga ma ampulifaya otere kuti azigulitsa kwa eni mabala, ometa tsitsi ndi oonetsa mpira. Ameneyo adzalira.

Valavu imodzi ya EL84 imatulutsa mawu a ma watt 4 kapena 5 okha, chikhalirecho ampulifayayo imadya magetsi oposa ma watt 25 ngakhale nyimbo isakuimba, ndipo ambiri mwa magetsiwo amangosanduka kutentha. Yerekezani ndi kabolodi kotchedwa PAM8403, kochepa ngati chala chachikulu, kamene kamatulutsa ma watt 3 mbali iliyonse kuchokera pa tchaja ya foni. Kapena bolodi ya TPA3116 imene imatha kufika ma watt 50 mbali iliyonse ikapatsidwa magetsi okwanira, ndipo imagwiranso ntchito pa batire la galimoto kapena la sola.

Wogulitsa nyimbo pamsika, wa malo oonetsera kanema kapena mlaliki wa pamsewu amafuna phokoso lalikulu, mtengo wotsika ndi makina osaopa fumbi ndi mabampu a minibasi. Amafunanso makina oti magetsi akazima azipitiriza kuimba pa batire. Ampulifaya ya mavalavu ndi yolemera, ndi yagalasi, imatentha ndipo imafuna magetsi a m'nyumba. Pa zonsezi yagonja.

Palinso nkhani ya ndalama zakunja. Mavalavu atsopano ndi zokhazikapo zake sizipezeka wamba m'mashopu a kuno. Kuitanitsa kumafuna madola, ndalama yotumizira ndi msonkho wa pachipata. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho katundu aliyense woitanitsa amafika atavala mtengo wina. Amene angamange ampulifaya ndi zipangizo zoitanitsa zokhazokha, n'kuwerengera masiku omwe wathera pa ntchitoyo, adzapeza mtengo woti kasitomala wamba sangauyandikire n'komwe.

Ndiye phindu lili pati? Lili mbali ziwiri.

Phindu la wogula zakutha

Mbali yoyamba ndi ya ogula zitsulo ndi ogulitsa katundu wakale. Safunsa adadya phula. Wailesi yakale ikafika, chanzeru n'kumasula chotsekera chakumbuyo ndi kusuzumira hamala isanagwire ntchito.

Si wailesi yakale iliyonse ili ndi mavalavu. Mawailesi a Nzeru amene adafala m'midzi muno ankayendera mathiranzisita ndi mabatire a tochi, choncho m'menemo mulibe timabotolo. Zoyenera kuziyang'anitsitsa ndi mawailesi akuluakulu athabwa olumikiza kumagetsi, ma radiogram, zokuzira mawu zakale za m'matchalitchi ndi m'maholo, matepi a mawilo awiri ndi ma ampulifaya a gitala.

Valavu iliyonse ili ndi nambala yake pagalasi. Zimene omanga amazifuna kwambiri ndi ECC83, ECC82, EL84, EL34, 6V6, 6L6, KT66 ndi GZ34, makamaka zikakhala ndi maina a Mullard, Telefunken, Philips kapena Brimar. Zoyamba ndi chilembo P, monga PL36 kapena PY88, zidali za m'ma TV akale, zilipo zambiri kunja ndipo mtengo wake ndi wotsika.

Cholakwa chachikulu chimene wamalonda waukhondo angachite ndi kupukuta valavu ndi nsalu yonyowa kuti iwale. Zolemba zapagalasizo zimafufutika msanga, ndipo valavu yopanda nambala ndi dzina yataya mtengo wake. Fumbi lichotsedwe ndi kansalu kouma, mopepuka, kupewa pomwe pali zilembo. Pozula, igwiridwe m'munsi n'kuigwedeza pang'onopang'ono kuti timiyendo tisapindike, kenako ikulungidwe payokha m'pepala.

Pali chizindikiro chimodzi chimene aliyense angachione ndi maso. M'kati mwa galasi, kawirikawiri kumutu, mumakhala banga lonyezimira ngati kalilole. Likakhala lasiliva kapena lakuda, botolo likadali lotsekeka. Likayera ngati ufa, mpweya walowa ndipo valavuyo yafa. Koma banga labwino si umboni woti valavu ili ndi mphamvu. Zimenezo zimadziwika poiyeza kapena poiyesa m'makina ogwira ntchito. Wamalonda woona mtima anene poyera kuti katundu wake ndi wosayezedwa, chifukwa ogula zinthu zotere ndi ochepa ndipo amauzana za wogulitsa wabodza.

Thiransifoma nayo isathamangiridwe kuphwasula. Ili yonse ndi yamoyo ndi chinthu chimene womanga amachisowa kwambiri, chifukwa ndi yolemera ndipo kuitanitsa kunja kumadula. Ikaphwasulidwa imasanduka kopa wochepa wosadzadza n'dzanja lomwe. Ndipo pali makina ena oti mtengo wake uli pa kukhala athunthu. Wailesi ya sefuliya ija, mwachitsanzo, mavalavu ake ndi ang'onoang'ono a batire, osathandiza womanga ampulifaya, koma wailesiyo payokha ndi mbiri imene osunga zinthu zakale amaifuna.

Apa pafunika kudekha. Msika wa zinthuzi kuno ndi waung'ono: oimba, eni masitudiyo, amisiri ndi okonda zakale owerengeka. Katunduyu akhoza kukhala pa shelefu miyezi. Munthu asakongole ndalama kubanki m'khonde kuti azizungulira m'midzi kugula mawailesi akale. Koma zikabwera zokha pa sikelo, kuika pambali timabotolo khumi m'katoni sikudya mpamba wa munthu, ndipo foni ya intaneti imathandiza kufufuza nambala iliyonse kuti adziwe mtengo umene ikupita kwina asananenerere ndi wogula.

Phindu la mmisiri

Mbali yachiwiri ndi ya okonza mawailesi, ma TV ndi mafoni. Ntchito yambiri ya masiku ano yasanduka yongosintha bolodi: yapsa, chotsa, ika ina. Mnyamata akhoza kukhala pa benchi zaka zitatu osadziwa chifukwa chimene chinthu chapsera. Tsiku limene bolodi yolowa m'malo yasowa m'tauni, ntchito yaima.

Ampulifaya ya mavalavu ndi sukulu yabwino chifukwa zonse zili poyera. Zipangizo zake ndi zazikulu, n'zosapitirira makumi angapo, ndipo waya uliwonse umaoneka komwe wachokera ndi komwe ukupita. Woimanga amakakamizika kuwerenga pulani, kuwerengetsera kukula kwa rezisita, kuyeza magetsi pamalo aliwonse ndi mita, ndi kufufuza komwe kukuchokera kulira kwa "hmmm" m'sipika. Luso limeneli silithera pa mavalavu. Ndi lomwelo lofunika pokonza inveta ya sola, tchaja ya batire kapena miksa ya tchalitchi.

Amisiri a kuno ali kale ndi luso lina limene omanga ambiri akunja alibe: kukulunga waya. Amene amakulunga mamota a zigayo ndi kupanga makina owotcherera zitsulo angathe kuphunzira kukulunga thiransifoma ya sipika. Masamu ake ndi achidule. Valavu ya EL84 imafuna kuona katundu wa ma ohm pafupifupi 5,000, pomwe sipika wamba ndi ya ma ohm 8. Kuti ziwirizi zigwirizane, mbali ya valavu ikhale ndi mikulungo 25 pa mkulungo umodzi uliwonse wa mbali ya sipika. Mmisiri wodziwa izi angathe kuukitsa ampulifaya ya gitala imene mwini wake adaitaya mtima, ndipo pa ntchito yosowa opikisana nawo mtengo amatchula ndi mmisiri.

Wina anganene kuti nthawi ya munthu wosauka ndi ndalama, ndipo madzulo othera pa choseweretsa ndi ndiwo zotayika. Mfundoyi ili ndi mutu. N'chifukwa chake ntchitoyi iyenera kuchitika ndi zipangizo zotola, pa nthawi imene makasitomala kulibe, osati ndi ndalama yooda katundu. Koma kunena kuti kuphunzira n'kutaya nthawi ndi maganizo amene amasiya mmisiri pa benchi yomweyo, ndi mtengo womwewo, mpaka ukalamba.

Magetsi ake amapha

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuwala kofiirira kwa valavu n'kokongola, koma pansi pa bokosilo pali ma volt 250 mpaka 400, ndipo m'makina akuluakulu amaposa apo. Ozolowera mafoni ndi mabolodi a ma volt 12 ndiwo ali pachiswe kwambiri, chifukwa manja awo adazolowera kugwira paliponse.

Makapasita akuluakulu amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Asanagwire chilichonse, mmisiri ayambe wawakhetsa kudzera pa rezisita, osati kugunditsa ndi sikuludiraiva, kenako ayeze ndi mita kuti atsimikize. Poyeza makina oyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba kuti magetsi asadutse pachifuwa, mapazi akhale m'nsapato pamalo ouma, ndipo pafupi pakhale munthu wodziwa pozimitsira. Bokosi lachitsulo lilumikizidwe ku waya wa ethi ndipo pakhale fyuzi yoyenera, osati kawaya kongopiringiza. Ana asayandikire.

Pali misampha itatu imene ogula zakutha ndi amisiri omwe ayenera kuidziwa. Woyamba ndi mawailesi amene mavalavu ake amayamba ndi chilembo U, monga UL84 kapena UCH81. Ambiri mwa amenewa alibe thiransifoma yamagetsi, choncho chitsulo chonse cham'kati chimalumikizika mwachindunji ku ma volt 230 a pakhoma. Kuchikhudza wailesi ili pamagetsi kungakhale kutsanzika.

Wachiwiri ndi thiransifoma ya mu microwave. Imapezeka mosavuta ku zakutha ndipo imakopa wosadziwa, koma imatulutsa ma volt pafupifupi 2,000 ndipo yapha anthu ambiri oyesa zinthu m'maiko osiyanasiyana. Ilibe malo m'ntchito imeneyi.

Wachitatu ndi chidwi chofuna kuona ngati wailesi yakale "ikulira". Makina amene akhala zaka 40 osayatsidwa amakhala ndi makapasita ouma, ndipo kungowabaya pakhoma kungaphulitse kapasita n'kuotcha thiransifoma, chinthu chodula kuposa zonse. Amisiri odziwa amayamba aona ndi kusintha makapasita, kenako amayatsa kudzera pa babu lakale la kawaya lolumikizidwa pamzere umodzi ndi makinawo. Babulo likawala kwambiri osazirala, m'kati muli vuto. Komanso ampulifaya ya mavalavu isayatsidwe popanda sipika, chifukwa kutero kumaononga thiransifoma ya sipikayo.

Woyamba kumene ali ndi njira yosaopsa. Valavu ya ECC82 imatha kugwira ntchito pa ma volt 12 okha m'kabokosi kokometsera mawu a gitala. Mawu ake sangagwedeze sipika, koma munthu amaphunzirapo kuwerenga timiyendo ta valavu, kuwotcherera mwaukhondo ndi kuyeza, moyo wake usali pangozi. Za ma volt 300 zibwere pambuyo, pambali pa mmisiri amene adazigwirapo.

Amisiri oterowo akadalipo. Ndi madala amene adaphunzira ntchito mawailesi a mavalavu asanathe, ndipo ena akukhala m'makonde a mashopu ku Limbe, ku Zomba ndi ku Lilongwe, akukonza timawailesi ta mabatire. Chaka chilichonse akucheperachepera, monganso mawailesi aja akutha pa sikelo. Wachinyamata wa pa benchi ya mafoni amene angapite kwa mmodzi wa iwo ndi katoni ya timabotolo, n'kupempha kuti amuonetse, adzabwerako ndi zambiri kuposa zimene kilogalamu ya kopa ingamugulire. Ndipo wogula zakutha amene mawa adzalandire chiwailesi chathabwa, atenge kaye sikuludiraiva. Hamala siithawa.